Satifiketi Siyimitsa Lole ya Mitengo

Abale anga a ku Chiputo, ndi inu a m'midzi yonse ya kuno kumalire, ambiri mumandidziwa mawu cabe. Ndine uja amakuwerengerani mauthenga a maliro m'mamawa, kulengeza za ng'ombe zosowa, ndi kukuikirani nyimbo madzulo mukaweruka kumunda. Lero ndasiya maikolofoni ndagwira colembera, cifukwa mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo, pamene zimene ndifuna kunenazi ndifuna zikhale poti munthu angazibwereze, angazitsutse, angandilozere nazo cala. Zina mwa izo zikundicititsa manyazi ine ndemwe.

M'bokosi la pansi pa bedi langa muli masatifiketi 7. Onse ndi a maphunziro a utsogoleri, aja timawachula kuti formasau. Ambiri ndinakawatenga ku Tete, ena ku Fingoè. Pa pepala lililonse pali dzina langa, cidindo, ndi mawu a Cipwitikizi otsimikiza kuti ndinaphunzira kusonkhanitsa anthu, kuwatsogolera ndi kuwayankhulira pamaso pa boma. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anawapeza akufunafuna khadi lake la katemera. Anawayala pamphasa nandifunsa kuti, "Atate, nanga mutaphunzira zonsezi munasintha ciyani kuno?" Ndinamukalipira kuti asamagwire zinthu za akulu. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere.

Yankho loona ndi lakuti sindinasinthe kanthu. Ndipo si ine ndekha. M'dera lathu lino muli anthu ambiri amene anapitako ku maphunziro otere, ena kawiri, ena kakhumi, koma mitengo yathu ikupitabe, malo akugawidwabe ife tili m'tulo, ndipo mjigo ukawonongeka timadikira wina acokere kutali adzatidandaulire. Ndiye ndikunena poyera: maphunziro a utsogoleri, mmene ambiri akucitikira masiku ano, sakutipatsa atsogoleri. Akutizulira anthu ocenjera m'midzi n'kuwasandutsa alendo a m'mahotela. Sindikuti maphunzirowo athe. Ndikuti asamuke. Acoke m'hotela abwere pabwalo, acoke m'Cipwitikizi alowe m'ciyankhulo cathu, ndipo asiye nkhani zongopeka agwire cilonda cimene cikutipweteka lero.

Mmene zimakhalira kumeneko

Amene simunapiteko, lekani ndikuuzeni. Kalata imafika kwa akuluakulu Lacinayi, yakuti Lolemba pakufunika anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, odziwa Cipwitikizi. Mawu omalizawo ndiwo amatseka khomo. Amayi amene asunga bokosi la gulu losungitsa ndalama zaka zambiri osasowetsa ngakhale metikali imodzi agwa pomwepo. Mkulu amene amaweruza milandu ya malire a minda, odana n'kubwerako akugwirana canza, nayenso wagwa. Otsala ndife ocepa omwe aja: wa pa wailesi, mphunzitsi, mlembi wa kumpingo, ndi mphwake wa wina wake. Tikafika ku Tete timapeza nkhope zomwe tinaziona ulendo watha, za ku Zumbo, za ku Chifunde, za ku Macanga, mpaka timapatsana moni ngati pacibale.

Amatilowetsa m'cipinda cozizira ngati m'firiji, pamene kunja dzuwa la Tete likuswa mtengo. Mawu amagwa ngati matalala: advocacia, empoderamento, partes interessadas. Timagwedeza mitu kuopa kuoneka acimidzi. Kenako amatigawa m'magulu, natipatsa pepala lalikulu ndi zolembera zamitundumitundu kuti tijambule "mtengo wa mavuto": mizu yake umbuli, thunthu lake umphawi, nthambi zake njala ndi matenda. Mtengo umenewu ndaujambula kasanu ndi kawiri. Pamene ine ndinali kuujambula pa pepala, mitengo yeniyeni, nkula ndi mlombwa, inali kukwezedwa pa malole kwathu kuno.

Lacisanu ndiye tsiku lenileni. Timajambulidwa cithunzi titavala masikipa ofanana, timalandira satifiketi, ndipo timasaina envulopu ya perdiyemu. Sindinama, ndinalandira, ndipo ndinakondwa. Foni yanga yoyamba ndi matiresi amene ndikugonapo zinacokera m'maenvulopu amenewo. Okonza maphunziro amalemba lipoti lakuti anthu 30 aphunzitsidwa, amamatapo cithunzi cija, ndipo amene anapereka ndalama kutsidya kwa nyanja amakhutira. Pa maulendo 7 amene ndinapita, palibe ngakhale mmodzi amene anadzafika kuno patapita miyezi kudzafunsa kuti, "Zija zinatha bwanji?"

Wina anganene kuti ngakhale sizithandiza, siziwononga kanthu. Ayi, zimawononga. Zaphunzitsa midzi yathu kuti nchito ya tonse ndi yolipidwa. Lero itanani msonkhano wokonza mjigo, funso loyamba ndi lakuti, "Kuli kangacepe?" Zasinthanso kumene mtsogoleri amayang'ana. Munthu wosankhidwa ndi kalata amaopa wolemba kalata, saopa mudzi, cifukwa si mudzi umene udzamuitanenso ulendo wamawa. Ndipo zabzala nsanje. Wobwera ku formasau akaimirira pamsonkhano, anthu amanong'onezana kuti, "Anadya yekha, agwirenso yekha." Motero munthu amene anali ndi mawu m'mudzi asanapite amabwerako mawu ake atapepuka.

Citini ca cimanga

Caka cina, boma lisanaletse kudula nkula mu 2018, malole a mitengo anaculuka kwambiri pa msewu wina wa m'dera lathu. Anzathu a ku Zambia mtengo womwewu amati mukula, ndipo nawonso akudziwa mmene unathera. Panali amayi ena amasiye amene ankagulitsa zitumbuwa m'mphepete mwa msewuwo. Sanalowepo m'kalasi. Lole iliyonse yodzaza ikadutsa, iwo ankaponya njere imodzi ya cimanga m'citini. Kumapeto kwa cilimwe anandipeza ndikutsika pa njinga, nandipatsa citinico. "Abambo a pa wailesi, inu ndinu ophunzira. Werengani apa, mutiuze kuti mitengo yonseyi ife tapindula nayo ciyani."

Ndinawerenga, ndinapeza njere 63. Ndipo ine wa masatifiketi ndinaima kukamwa yasa. Ndinkadziwa kutanthauzira advocacia, koma sindinkadziwa kuti citinico ndipite naco ku ofesi iti, ndilembe pepala lanji, ndichule lamulo liti. Ndinangoti, "Amayi, tiona." Amene anagwira nkhaniyo ndi mphunzitsi wina wopuma nchito pamodzi ndi katekisiti. Anaitana anthu pabwalo la amfumu katatu, analemba kalata, anaipereka, nabwererako mobwerezabwereza mpaka zinadziwika kuti komiti ya zacilengedwe ya dera limenelo inalipo kale pa pepala, yokhala ndi maina a anthu amene sanakumanepo ngakhale tsiku limodzi. Komiti inasankhidwanso poyera. Panapita zaka ziwiri. Ndalama zimene zinabwera sizinali zambiri, koma zinafolera cipinda cimodzi ca sukulu ndi malata. Amayi aja sanalandire satifiketi iliyonse.

Kuyambira tsiku limenelo ndinazindikira kuti ife kusonkhanitsa anthu timadziwa kale. Taonani maliro. Munthu akamwalira usiku, pofika masana uthenga wafika midzi isanu, mpaka kwa abale a ku Petauke ndi ku Katete. Ufa wasonkhedwa khomo ndi khomo, nkhuni zafika, adzukulu ali kumanda, amayi agawana moto ndi mitsuko, ndipo aliyense akudziwa malo ake popanda pepala lalikulu pakhoma. Taonani dima, mmene makasu makumi awiri amathera munda wa nkhalamba tsiku limodzi. Ine ndinakulira ku Ukwimi, ku Zambia, kumene makolo athu anathawira nkhondo, ndipo ndinaona anthu ofika ndi mtolo umodzi pamutu akusankha owayankhulira, akugawana nchito, akumanga mipingo ndi misika. Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerera n'kudzutsa midzi pa mabwinja. Anthu otere ndiwo wina akufuna kuwaphunzitsa kuti mutu umodzi susenza denga?

Cimene tikusowa ndi cina. Tikusowa kudziwa malamulo ndi njira za mapepala. Ndipo zimenezi zilipo, zinalembedwa kalekale, koma zinatsekeredwa m'Cipwitikizi.

Zimene zinalembedwa kale

Lamulo la Malo, nambala 19 ya caka ca 1997, limati malo onse ndi a boma, sagulitsidwa. Koma limatinso mudzi umene ukukhala ndi kulima pa malo monga mwa mwambo uli ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, uja amati DUAT, ngakhale ulibe pepala. Mozambikano amene wakhala pa malo zaka 10 mopanda cinyengo alinso ndi ufulu womwewo. Umboni wa pakamwa, wa amuna ndi wa akazi a m'mudzimo, umalandiridwa. Ndipo boma lisanapatse munthu wamalonda malo, anthu a pamalopo ayenera kufunsidwa. Ndi angati mwa ife amene anasainapo pepala pa msonkhano wotere poganiza kuti akulembetsa cabe kuti analipo, osadziwa kuti akuvomereza?

Za mitengo, kuyambira 2002 malamulo a nkhalango amati pa mametikali 100 aliwonse a msonkho umene wodula mitengo amalipira ku boma, 20 abwerere kwa anthu a kumene mitengoyo inadulidwa. Mu 2005 boma linafotokoza njira yake mu Diploma Ministerial 93/2005: pakhale komiti ya anthu osacepera 10, amuna ndi akazi, yolembetsedwa ku distritu, ndipo pakhale konta ya ku banki m'dzina la anthu a deralo. Ndalamazi si mphatso ya wodula mitengo, si cifundo ca wina aliyense. Ndi zathu. Za nyama zakuchire, pulogalamu ya Tchuma Tchato, imene inayambira ku Bawa m'distritu ya Mágoè m'zaka za m'ma 1990, inakhazikitsidwa pa mfundo yomweyi, yakuti okhala ndi njovu m'minda mwawo alandireko gawo la ndalama za osaka.

Palinso Lamulo nambala 34 ya 2014, limene limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha ofesi ya boma kuti iulule zimene ikudziwa pa nkhani yokhudza anthu, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Ndime 79 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imati aliyense angathe kupereka dandaulo kwa akuluakulu. Zonsezi munthu angaziphunzire masiku atatu pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinazidziwa mocedwa, ndipo si m'hotela ayi.

Musaganize kuti ndikulota zinthu zosatheka. Zinacitikapo m'dziko lomwe lino. Lamulo la Malo litangotuluka, mabungwe, mipingo ndi magulu a alimi pafupifupi 200 anagwirizana pa nchito imene inachedwa Campanha Terra, motsogozedwa ndi malemu José Negrão wa ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane. UNAC ndi ORAM analimo. Anaphunzitsa anthu odzipereka pafupifupi 15,000, ndipo uthenga unafika m'madistritu 114 mwa 128 amene analipo nthawi imeneyo. Anagwiritsa nchito zisudzo, timabuku ta zithunzi ndi makaseti a m'ziyankhulo za anthu. Nkhani inali imodzi, malo. Mfundo zinali zocepa, zoti mayi angazikumbukire akusinja. Ngati zinatheka nthawi imene misewu inali ikadali ndi mabomba okwirira ndipo foni ya m'manja inali yacilendo, lero cikuletsa n'ciyani?

Taonaninso abale athu a ku Cateme. Mabanja oposa 700 anasamutsidwa ku Moatize mu 2009 ndi 2010 kuti kampani ya Vale ikumbe malasha, naikidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, m'nyumba zimene zinayamba kung'ambika, pa nthaka yosabala bwino. Mu Disembala 2011 analemba madandaulo awo, nawapereka ku boma ndi ku kampani, naika tsiku loti ayankhidwe. Tsikulo litafika popanda yankho, pa 10 Januwale 2012, anthu mazanamazana anatseka njanji ya sitima ya malasha. Apolisi anamenya anthu, ndipo 14 anamangidwa. Pambuyo pake nyumba zinayamba kukonzedwa, ndipo dzina la Cateme linamveka dziko lonse. Sindikukuuzani kuti mukatseke msewu. Ndikukuonetsani ndondomeko yake: vuto limodzi lodziwika kwa onse, kalata, tsiku loikika, ndi anthu ogwirizana kuseri kwa kalatayo. Kalata yopanda anthu ndi pepala lokulungira fodya. Anthu opanda kalata amachedwa cipwirikiti.

Zimene onditsutsa adzanena

Ndikudziwa kuti ena amene akuwerenga tsamba la Cipwitikizi la kabuku kano ndi okonza maphunzirowo, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu abwino, ogwira nchito molimbika. Adzati, "Kodi simufuna nzeru za kunja?" Tikuzifuna. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tikufuna loya, tikufuna wodziwa kuyeza malo, tikufuna wodziwa kuwerengera msonkho wa mitengo. Koma kalumoko kamete mutu umene uli pano. Ku Tete kuli bungwe la AAAJC, limene nchito yake ndi kuthandiza midzi pa za malamulo. Nzeru zotere ndi zimene tikuzifuna, koma zifike kuno ndi fumbi la msewu wathu, mphunzitsiyo agone m'nyumba ya aphunzitsi, adye nsima ya nkhwani, amve ndi makutu ake.

Adzatinso, "Munthu wasiya munda wake, ndiye asalandire kanthu?" Alandire. Ndalama ya ulendo ndi cakudya si chimo. Koma ndalama imene imalipira hotela, cipinda cozizira ndi maenvulopu a anthu 30 ingathe kudyetsa anthu a midzi ingapo pa maphunziro a pabwalo, n'kutsalanso yoti nthumwi zipitire ku Fingoè kukapereka kalata ndi kubwererako kukafunsa yankho. Ulendo wobwereza umenewo ndiwo umagonjetsa anthu ambiri, pakuti palibe amene amaulipira. Ndipo ndalama iliyonse yolandiridwa m'dzina la mudzi inenedwe pabwalo. Cobisa ndico cimabala nsanje.

Ena, makamaka acinyamata, adzati, "Pabwalo paja amayankhula ndi amfumu ndi nduna zawo. Mkazi akaimirira amauzidwa kuti akhale pansi. Mafumu ena ndiwo amalandira thumba la mcere ndi njinga yamoto n'kutsegulira malole njira." Apa sinditsutsa, n'zoona. Bwalo lathu si la angelo. Ndipo kwa inu mafumu athu ndi anyakwawa, ndikunena mwaulemu wonse: mpando mukukhalapowo ndi wa anthu, ndipo mtengo wogulitsidwa usiku udzafunsidwa masana ndi adzukulu anu. Koma mankhwala a bwalo lodwala si kulithawa. Kutenga mtsikana mmodzi kupita naye ku Tete sikusintha bwalo. Akabwera amapeza lili momwemo, ndipo iye tsopano ali yekha. Cimene cimasintha bwalo ndi amayi makumi atatu amene ayamba akumana paokha, agwirizana mfundo zawo, asankha owayankhulira atatu, n'kufika pamodzi. Amenewo palibe nduna ingawakhazike pansi.

Cotsutsa cacikulu ndi mantha, ndipo sindicipeputsa. Kuno munthu akangofunsa za ndalama za anthu amamatidwa dzina lakuti ndi wa cipani cakuti. Tonse tinamva za Anastácio Matavele, amene anawomberedwa ku Xai-Xai pa 7 Okutobala 2019 akucokera ku maphunziro a oyang'anira cisankho, ndipo khoti linapeza apolisi olakwa pa imfa yake. Ife a pa wailesi sitiiwala mnzathu Ibraimo Mbaruco wa wailesi ya ku Palma, amene anasowa pa 7 Epulo 2020. Ine ndili ndi ana, ndipo ndimaopa ngati wina aliyense. Koma taganizani bwino. Ndani ali pangozi yaikulu, munthu mmodzi wodziwika kuti ndiye "wophunzitsidwa" wa mudzi wonse, kapena anthu makumi anayi amene onse akudziwa lamulo lomwelo? Mmodzi amaopsezedwa, amagulidwa, amasamutsidwa, kapena amangopeza nchito ku Tete osabweranso. Maphunziro osankha awiriawiri ndiwo amaika anthu poyera ngati mbuzi yomangidwa pa cikhomo. Cidziwitso cikamwazika m'makomo ambiri cimateteza ocinyamula.

Zimene ndikupempha

Kwa inu okonza maphunziro, bwerani kuno. Musanabwere, funsani kuti cikutipweteka n'ciyani caka cino, kaya ndi mitengo, kaya ndi okumba golide amene akudetsa mitsinje, kaya ndi sikelo ya pamsika wa fodya, kaya ndi njovu. Sankhani cimodzi. Phunzitsani m'Cinyanja, ndipo kumene kuli Ansenga, m'Cinsenga. Ophunzira asankhidwe ndi anthu pabwalo, masana, ndipo asakhale awiri. Kusadziwa Cipwitikizi kusakhale cifukwa cosiyira munthu. Pa gulu lililonse pakhale wolemba mmodzi kapena awiri, enawo abweretse maso, makutu ndi kulimba mtima.

Muwaphunzitse zinthu zogwirika. Kuwerenga malole ndi kulemba nambala zake, tsiku ndi ola. Kudziwa kuti lole ya mitengo imayenda ndi pepala lochedwa guia, ndi kuti wodula amakhala ndi laisensi yonena malo ndi mtundu wa mitengo. Kulemba rekerimentu m'makope awiri, n'kuumirira kuti kope lotsala nalo lidindidwe ndi kulembedwa tsiku. Kuwerenga masiku 21 n'kubwererako. Kulemba akta ya msonkhano ndi kuiwerenga mokweza anthu asanabalalike. Kukana kusaina kapena kudinda cala pa pepala limene silinawerengedwe m'ciyankhulo cathu. Kusunga kabuku ka ndalama koti aliyense angakaone. Tsiku lomaliza la maphunziro lisakhale la cithunzi, likhale tsiku lopereka kalata yeniyeni ku ofesi yeniyeni. Ndipo pakatha miyezi itatu mubwerenso. Lipoti lanu lisanene kuti ndi angati anakhala pa mipando, linene kuti kalata ija inayankhidwa kapena ayi.

Kwa inu abale anga, mlandu suli kwa alendo okha. Ifenso tinazolowera. Timakankhana pofuna kulembedwa pa mndandanda, ndipo wopita timamucitira kaduka m'malo momutuma. Kalata yotsatira ikadzafika yofuna anthu awiri, musalole kuti maina alembedwe m'nyumba. Funsani zinthu zitatu pamaso pa onse: akusankha ndani, akukaphunzira ciyani cokhudza ife, ndipo adzatifotokozera tsiku liti? Wopitayo apite ndi funso la mudzi m'thumba, ndipo akabwera aime pabwalo anene zimene wamva ndi zimene walandira. Akakana, ulendo wina asapitenso m'dzina lanu. Ndipo musadikire formasau kuti muyambe. Funsani lero kuti komiti ya zacilengedwe ya kwanu ili ndi ndani, inakumana liti, ndipo konta yake ili ndi zingati. Safunsa anadya phula.

Kwa ine ndemwe, wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amene ananditsina ine ndi mwana wanga ndi amayi a zitumbuwa. Ndalonjeza kuti satifiketi yacisanu ndi citatu sindidzakaitenga m'hotela. Nthawi imene ndimapatsidwa pa wailesi ndiyamba kupatulako mphindi zowerenga malamulo amenewa m'Cinyanja, ndime ndi ndime, ndi kuyankha mafunso anu. Mudzi uliwonse umene ufuna kulemba kalata undiitane, ndidzabwera pa njinga yanga ndi pepala ndi colembera, ndipo envulopu sindifuna. Mukadzandiona ndavalanso sikipa yatsopano ndikukwera galimoto ya ku Tete, mundiimitse pamsewu, mundionetse kabuku kano.

Citini cija ndikadali naco. Ndinacicotsa m'bokosi la pansi pa bedi, ndinaciika pa tebulo pamene ndimakonzera mapulogalamu. Cilimwe cikubweraci malole adzadutsanso. Mudzi uliwonse wa m'mphepete mwa msewu upeze citini cake, ndi munthu wodziwa kumene angapite naco.